Mwendo wa Achimwene

Vidiyo inafika kwathu ku Chikomeni m'zaka zija zoyambirira za m'ma 2000, pamene maliro anayamba kuchuluka kuposa maukwati. Anabwera nayo ndi bambo wina wa ku Chipata amene ankagula nshawa, mtedza uja, m'midzi. Anaiika m'chigafa cha fodya chimene mwini wake tinali titamuika m'manda chaka chomwecho, n'kukhoma masaka m'mbali monse kuti mukhale mdima. Ankaonetsa masana, Loweruka ndi Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi, ndipo batire ikatha ankaimanga pa njinga kukaitchajitsa ku boma. M'chigafamo munkanunkha fodya ndi thukuta, moti munthu unkatuluka mutu ukuwawa. Koma tinkabwererako ndithu, nanga tikanapita kuti?

Matepi anali nawo angapo, ambiri a nkhondo, azungu akuwomberana m'nkhalango. Amenewo ine sindinkawafuna, akufa tinali nawo athu okwanira. Tepi imene inapengetsa mudzi wonse inali ya Matchaina osauka, ena ophika, ena onyamula katundu pamsika, amene ankadziwa kung'fu ndipo anapangana zoyambitsa timu ya mpira. Mayo ine, misala yake! Munthu ankathamanga pamitu ya anzake ngati akuwoloka mtsinje pamiyala. Wina wonenepa ankaimitsa mpira ndi mimba, mpirawo n'kunjanja kukagwetsa woimbira, iye n'kumeza wezulo. Chinenero chawo panalibe ankachimva, ngakhale aphunzitsi, komanso panalibe chofunika kumasulira. Opanda nsapato ankachititsa manyazi ovala majombo, ndipo munthu ngakhale amenyedwe mpaka kukaboola khoma, ankadzuka n'kusasa fumbi. Ife amene tinkachokera ku maliro sabata ndi sabata, kuona munthu akugwa n'kudzukanso kunkatikoma kwambiri. Tinkaseka mpaka kugwirana mapewa ndi anthu amene sitinkapatsana nawo moni.

M'chigafa monsemo munthu mmodzi yekha ndi amene sankaseka, ndiye achimwene anga, oyamba kubadwa m'mimba mwathu. Iwo ndiwo ankamwetsa zigoli mu timu ya m'mudzi mwathu, ndipo sindikunena chifukwa ndi abale anga, mwendo anali nawo. Anzawo akamagubuduka ndi phwete, iwo ankakhala chete, khosi patsogolo, maso pa miyendo ya Matchaina aja. Panali kamenyedwe kena kamene kanawalowa m'mutu. Munthu amafulatira golo, n'kudziponya m'mwamba chadodolido, mutu pansi miyendo kumwamba, n'kumenya mpira kudutsa pamutu pake. Pakafika pamenepo achimwene ankapempha bambo wa vidiyo kuti abweze tepi, anthu n'kumawakuwiza kuti akutha batire.

Anayamba kuphunzira. Vuto lake, achimwene anali munthu wamanyazi, wosafuna kuti wina awaone akulephera. M'malo mophunzirira pabwalo pali anzawo, ankapita okha kumchenga wa kamtsinje kuseri kwa dimba lathu, dzuwa lili paliwombo anthu akupuma. Ndipo kamtsinjeko kanadutsa m'munsi mwa msitu wa manda. Ine ndinkangodandaula za kabudula. "Achimwene, mchenga umenewu wochapa ndine, kapena mundipezere Mtchaina wondithandiza," ndinkatero. Amayi ndi amene anaona patali. Tsiku lina akusenda nshawa anati, "Mwana wanga, chinthu chochitira wekha kuthengo chimabala nkhani. Kachitire pagulu, akuseke, zithe." Achimwene anangomwetulira n'kutenga mpira wawo. Amayi ena a tsidya lina la dambo, pochokera kotola nkhuni, anawaonapo kangapo ali okhaokha, akuzondoka m'mwamba pafupi ndi manda. Nthawi imeneyo sananene kanthu.

Tsidya lina la dambolo kunali mudzi wa anzathu olankhula Chitumbuka. Tinkakwatirana nawo, tinkalirana maliro, ndipo tikakolola tinkamenyana nawo mpira. Goloboyi wawo anali mnzawo wa achimwene wa ponda apa nane ndipondepo, anakulira limodzi kobusa ng'ombe. Anali atakhalako ku Lusaka, ndipo anabwerako ndi mkazi, khanda ndi chifuwa. Lamba wake anali ndi mabowo atsopano oboola ndi msomali. Tsitsi linali litayamba kufewa ndi kufiira. Tonse tinkaona, ndipo tonse tinkadziwa kuyang'ana kumbali, chifukwa panalibe banja lopanda wake wotero. Koma nthabwala zokha sizinamuthere, ku vidiyo ankakhala pafupi ndi achimwene n'kumawalankhulira Matchaina aja m'Chitumbuka, anthu n'kumafa nazo.

Tsiku la mpira linafika fodya atagulitsidwa, kunja kukuzizira. Chakumapeto, timu zonse zisanamwetse, mpira unabwera wam'mwamba kuchokera kumbali. Achimwene anali atafulatira golo. Ndinangoona anyamuka, miyendo kumwamba, kenako phuu! Mpira unapita ngati mwala wa legeni, n'kukamenya goloboyi pachifuwa, iye ndi mpira womwe n'kugwera m'golo. Ife tinalowa m'bwalo ndi nthungululu. Ine ndiye ndinachita kuvula chitenje n'kumachikupiza pamaso pa atsikana a tsidya, n'kumawafunsa ngati kwawo kuli amuna. Pakamwa panga amayi ankati Mulungu anaiwala kuikapo chitseko.

Goloboyi anachedwa kudzuka. Atadzuka anaseka, n'kugwira achimwene chanza, kenako anatembenuka n'kulavula. M'malovumo munali magazi. Ndinaona ine, anaonanso ena.

Sanaimenso pagolo. Mwezi usanathe anali pamphasa. Anapita naye kuchipatala ku boma, n'kubwerako ndi timapilisi m'kapepala ndi mawu amene abale ake sanauze munthu. Ndipo nkhani inayamba monga zimayambira nkhani zotere, mopanda mwini. Ndikafika pachitsime amayi ankasiya kulankhula n'kumakonza nkhata zawo. Anyamata a timu anasiya kudutsira kwathu poitana achimwene. Anthu a tsidya anasiya kubwera ku vidiyo, ndipo bambo wa ku Chipata, munthu wodziwa kununkhiza mphepo, anayamba wabisa tepi ija, kenako tsiku lina tinangopeza masaka okha akulendewera m'chigafa. M'mawa wina tinapeza nthambi ya minga itagonekedwa mopingasa pa kanjira kochokera kudambo kubwera kwathu. Amayi anaichotsa ndi khasu osaigwira ndi manja.

Mawu enieniwo anandifikira kudzera kwa msuweni wanga wokwatiwa tsidyalo. Ankati mu mpira muja munali nyundo yamatsenga. Ankati munthu wamba sangaime m'malere mutu pansi, ndipo oyenda chadodolido kumanda masana dzuwa likuswa mtengo tonse tikuwadziwa. Ankati za Matchaina zija sizinali zoseketsa ayi, ife opusa tinkaseka pamene mnzathu ankaphunzira. Atsibweni ake a goloboyi anali atagwirizana zokatenga nchimi, sing'anga uja wonunkhiza mfiti, kuti adzaloze chala pagulu.

Pamenepo ndinachita mantha enieni. Tinkadziwa chimene chimachitikira munthu wolozedwa. M'mudzi wina cha ku Lukusuzi bambo wina anamumwetsa mankhwala a nchimi pabwalo, anthu ataimirira mozungulira, ndipo nyumba yake inapsa iye asanaikidwe n'komwe. Nchimi sichokera kutali kudzanena kuti palibe mfiti. Ndipo apa ntchito anali atamuchepetsera kale, dzina linali limodzi lokha.

Ine ndinapsa mtima. Ndinamanga chitenje kuti ndiwoloke dambo ndikawauze dzina la matenda a mwana wawo, mokweza, amve ndi agalu omwe. Amayi anandigwira mkono pakhomo. "Ukatchule, ndiye ukatchulirenso mkazi wake ndi khanda lija. Ukatchulirenso mwana wa mchemwali wanga amene tinaika mwezi watha uja, amene tinati ndi malungo. Ukuganiza kuti iwo sakudziwa? Akudziwa, n'chifukwa chake akufuna munthu woti amugwire ndi manja." Ndinakhala pansi n'kulira ndi ukali. Amayi anatembenukira kwa achimwene n'kuwapempha kuti akwere lole ya fodya apite ku Chipata mpaka zizizire. Achimwene anakana. Anati wothawa wavomera, ndipo akachoka iwo moto udzapeza ife.

Masiku amenewo achimwene anaonda ngati odwala ndi iwo. Ankakhala kuseri kwa nkhokwe n'kumasema mpini umodzimodzi womwewo. Galu akauwa kunjira tonse tinkasiya kutafuna.

Kenako kunabwera mkazi wa goloboyi, khanda kumbuyo. Sanalowe m'bwalo, anaima pa mtengo wa papaya. Anati mwamuna wake akufuna kuona mnzake Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi. Atangochoka amayi anati ndi msampha. Achimwene anati kaya ndi msampha kaya si msampha, munthu wodwala akakuitana umapita. Ine ndinati ndipita nawo, ndipo amene akufuna kundiletsa ayambe wandimanga.

Tinawoloka dambo dzuwa lili pamutu, udzu utapsa kale ndi lupsa, phulusa likutidetsa mapazi. Titafika tinapeza bwalo ladzaza ngati pali mlandu. Atsibweni anali pamipando pakhonde. Anyamata anali atatsamira khola, ndipo pafupi nawo panali mipini ya makasu yopanda makasu ake. Achimwene anawomba m'manja n'kunena kuti "Monire mose." Anayankha ndi anthu owerengeka, chapansipansi. Mpando sanatipatse.

Goloboyi anali pamphasa pansi pa mtengo wa mango, mutu uli pamiyendo ya mayi ake. Ndikanakumana naye panjira sindikanamuzindikira. Maso okha ndi amene anatsala, aakulu, koma ali ndi kachipongwe kake kaja. Anakodola achimwene, n'kulankhula mokweza mmene chifuwa chinamulolera, kuti a pakhonde amve.

"Mnganya, wabwera. Atsibweni angawa tsiku la bola lija anali ku maliro, sanaone. Anthu awauza kuti iwe umauluka. Ine ndawauza kuti bodza, unangoterereka, mpira n'kukugunda mwendo mwangozi. Ndakula nawe ine, sungathe kulumpha ngakhale mzere wa mbatata ya kandolo. Ndati ngakhale akupatse ng'ombe sungabwerezenso. Tabweretsani bola, awonetse."

Munthu tabwera kudzamuona, iye n'kumatinyoza pagulu! Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti achimwene angathe kuchita zimenezo kuyambira pano mpaka mawa, koma iwo anandiponda phazi mwamphamvu, mpaka chala kuchita dzanzi. Sankandiyang'ana ine. Ankayang'anana ndi mnzawo, ndipo nkhope yawo inali ngati ya munthu amene wapatsidwa mankhwala owawa n'kuuzidwa kuti amwe onse.

Mpira unabwera, womwe uja. Anthu anafutukuka n'kusiya malo pakati. Achimwene anavula malaya. Munthu wamanyazi uja, amene sankavina ngakhale pa ukwati, anayamba kudzikonza monga ankachitira wonenepa wa mu vidiyo. Anagwadira mtengo wa mango. Anaima ndi mwendo umodzi, manja atatambasula, n'kulira ngati mphaka wopondedwa mchira. Anaponya mpira m'mwamba, n'kudumpha mochedwa, miyendo n'kupalasa mphepo, iwo n'kugwa chagada, khuu! Kabudula anang'ambika kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Ine ndinkadziwa mmene ankagwera kumchenga kuja, ankatsogoza dzanja n'kugubuduka mofewa. Apa sanatsogoze kanthu, msana unamenya nthaka youma ndipo ndinaumva m'mano mwanga.

Palibe anaseka. Nkhuku zokha ndi zimene zinkapalasa, ndipo mnyamata wina pakhola paja anasuntha dzanja n'kuliika pa mpini.

Achimwene anadzuka, n'kugwira kabudula ndi dzanja limodzi, n'kuloza mpira ndi chala ngati akuudzudzula. Anauponyanso. Ulendo uno anadumpha msanga, n'kugwa mpira usanatsike, mpirawo n'kudzawatera pamphuno penipeni. Magazi anatuluka, enieni. Anakhala pansi miyendo tang'a, n'kumayang'ana kumwamba ngati akufunsa amene wawagenda. Mayi wina amene anaima ndi musi kumbuyo kwa anthu analephera kupirira, anangoti pwii, n'kubisa nkhope m'chitenje. Kenako goloboyi anayamba kuseka. Kunali kuseka kosakanikirana ndi chifuwa, kowawa kumva, koma anakwanitsa kutulutsa mawu. "Atsibweni, ndi imeneyi mfiti yanu? Mukatenge nchimi kutali konse kuja kudzagwira ichi? Adzakusekani mpaka kwawo!"

Mtsibweni wamkulu anayesa kulimbitsa nkhope, koma achimwene anali atadzukanso, akuthamangitsa mpira umene unalowa pakati pa mbuzi, dzanja lina kumbuyo kutseka pong'ambika. Anapunthwa pa chingwe cha mbuzi n'kugwera m'zitosi. Mkuluyo anaphulika, ndipo ataseka iye bwalo lonse linamasuka. Anthu ankagwirana, ena kupukuta misozi. Mnyamata uja anatola mipini n'kukaiponya kuseri kwa khola ngati wangoipeza panjira. Wina anabweretsa mpando, wina madzi oti achimwene asambe kumaso. Ine ndinasekanso nawo, chifukwa ndinaona kuti ndiyenera kuseka, koma mumtima ndinkafuna kufa ndi chisoni.

Munthu mmodzi sanaseke, mayi ake a goloboyi. Nthawi yonseyi ankasisita mutu wa mwana wawo, maso ali pa achimwene, osaphethira. Titatsanzika anatsamiritsa mwanayo pa mtsamiro n'kutiperekeza, zimene zinadabwitsa anthu. Titafika pamene nyumba zathera anaima, n'kulankhula motsitsa, mwaulemu wake wonse.

"Mwana wanga wakuchitirani chifundo, ndipo ine sindingatsutse mawu a munthu amene ali paulendo. Koma atsibweni ake ndi amene anali ku maliro tsiku lija. Ine ndinali pabwalo, kuseri kwa golo. Ndinaona ndi maso angawa, simunaterereke." Anakonza mpango wawo kumutu. "Bola ndimaikonda, ndizibwera kudzaonerera. Tsiku limene ndidzaone mwendo uja kachiwiri, nchimi ndidzakamutenga ndekha wapansi. Yendani makora."

Tinawoloka dambo kubwerera kwathu. Achimwene ankayenda chopindika, dzanja pamsana.

Nchimi sanabwere. Goloboyi anamwalira mvula yoyamba isanagwe, ndipo achimwene anakumba nawo manda popanda wowalanda khasu. Amayi anapita ku tchalitchi kukathokoza. Anthu pachitsime anayambanso kundilankhula, koma tsopano nkhani inali ya kabudula, aliyense ankafuna kuti ndimufotokozere mmene anang'ambikira. Achimwene anapatsidwa dzina lachipongwe limene sindilemba pano, ndipo ana ankawathamangira kumbuyo akulira ngati amphaka. Iwo ankatembenuka n'kuwaimira ndi mwendo umodzi, ana n'kumagwa ndi phwete.

Chaka chotsatira titakolola mpira unayambanso. Ndinafika pabwalo mochedwa, ndipo chinthu choyamba kuona chinali mpango wakuda pachulu, kuseri kwa golo. Mayi ake a goloboyi anali atakhala okha, miyendo atawongola, manja pamiyendo. Masewero ali mkati mpira unabwera wam'mwamba kuchokera kumbali, wokoma kuposa wa chaka chatha, achimwene atafulatira golo, popanda wowatchinga. Ndinaona thupi lawo likudzikonza lokha, bondo likupinda, phewa likutsika. Anthu anayamba kukuwa moseka, "Ulukani! Ulukani!" Ndipo iwo anacheukira kuchulu kamodzi, n'kudziponya pansi ngati thumba la chimanga, miyendo ikupalasa m'mwamba, mpira n'kudutsa. Bwalo linagwedezeka ndi kuseka, a kwathu ndi a tsidya omwe.

Sizinathere pa kamenyedwe kaja kokha. Achimwene ankaopa kuti chigoli chilichonse chokongola chingadzutse nkhani, choncho anayamba kuphonya ngakhale zapafupi, kupunthwa pa mpira, kuthamangira kolakwika. Timu inawasunga chifukwa ankakokera anthu kubwalo. Kutabwera anthu a ku boma ofuna anyamata oti akasewere mu timu ya kumeneko, anaonerera, anaseka mpaka kutsamirana, n'kutenga mnyamata wina amene kale sankatha ngakhale kuwalanda mpira achimwene. Mayi aja anakhala ndi moyo zaka zambiri, ndipo ngakhale atayamba kuyenda ndi ndodo sankaphonya mpira. Pamene ankamwalira, achimwene anali atamera imvi ndipo msana uja sunkawalolanso kuwerama bwino m'munda.

Lero ana anga amawadziwa amalume awo ngati munthu woseketsa amene sanadziwepo mpira chibadwire. Tikakumana kumudzi, pa TV pakamaoneka wosewera wina akumenya chadodolido, ine mtima umandiwawa ndipo ndimalephera kudzigwira. Ndimawauza kuti amalume anuwa ankachita zimenezi opanda nsapato, pabwalo la miyala, ndipo m'dera lonse munalibe wofanana nawo. Ana amaseka mpaka kugwa pamipando. Achimwene amaseka nawo, kenako amanditembenukira n'kunena kuti, "Iwe, usamanamize ana."